Chaka Chimene Gizela Anaotcha Chitunda

M'mudzi mwathu munthu akafuna kuona ukhondo tinkamulozera kwa Gizela Kerec. Mayi ameneyu ankasita ngakhale kansalu kopukutira mbale, ndipo nkhuni za m'nyengo yozizira ankaziunjika molinganiza mitu ngati kukubwera oyendera. Anali mwana wa munthu wa ntchito ya njanji, wokulira kuchigwa cha mtsinje wa Mura, ndipo kumapiri kuno anakwera atakwatiwa ndi Kalman. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu anazithera m'fakitale yosoka zovala kutauni ya Sobota, akumakwera basi ya mbandakucha n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ntchito yake kumeneko inali kusaka ulusi wolendewera pa malaya asanaikidwe m'mabokosi. Fakitale inatsekedwa, koma diso losaka ulusi lija anabwera nalo kunyumba.

Munda unali wa Kalman. Anagawana choncho kuyambira kale: Gizela nyumba ndi maluwa a pakhomo, Kalman maungu. Anali maungu a mafuta, aja a nthanga zobiriwira zopanda makoko, amene timawaswera m'munda momwemo n'kusiya mnofu uwolere pansi. Mundawo sunali waukulu, ndipo mbali zitatu unazingidwa ndi chimanga cha Geza, bambo wa mathirakitala amene anabwereka pafupifupi minda yonse ya mbali imeneyo n'kuzula zitsamba za m'malire kuti makina ake aziyenda osakhota. Komabe chaka ndi chaka Kalman ankapita kofinyira mafuta ngolo itadzaza, anzake a minda ikuluikulu akungopukusa mitu.

Kumbali yachinayi, kumunsi, kunali chitunda chachitali chotsatira msewu wa fumbi, ndipo kumapeto kwake kunali mtanda wakale wa mwala. Chitunda chimenechi chinkamuwawa Gizela ngati munga wa m'phazi. Udzu wa chaka chatha unkagonera udzu wa chaka chinacho, minga inkayanga mmene yafunira, mauna a mbewa anali paliponse. Kalman ankangolambula kanjira kopita pamtanda, kwinako osakhudza.

“Bambo a Damjan, chitunda chija mudzamweta liti? Anthu akutiseka m'njiramu.”

“Asekeni nawo, mayi, kuseka n'kwaulere. Muli aganyu anga mmenemo. Safuna malipiro, sadandaula, ndipo amadzuka inu mukanali m'bulangete.”

“Ulesi basi! Mwangoupatsa dzina.”

Ife tonse tinkaganiza chimodzimodzi, tisanamizane. Kalman anali munthu woti mvula ankaitcha apongozi, ati chifukwa imabwera osaitanidwa ndipo ukaifuna siioneka. Munthu wotere akanena zoona, ndani angadziwe kuti lero sakuseka? Mkangano wa chitunda unatha zaka makumi anayi, ukubwera ndi kuphukira kwa udzu n'kupita ndi chisanu, popanda wogonja.

Chaka china mu Novembala, ali mkati mowaza nkhuni, Kalman anagwa. Anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu atafa mbali ya kumanja, pakamwa patapotoka, mawu atathawa. Anamupatsa pensulo kudzanja lamanzere, koma zilembo nazo zinali zitamuthawa. Munthu amene ankaseketsa anthu ngakhale pamaliro anatsala ndi liwu limodzi, “aa,” ndi supuni yogogodera pachitsulo cha bedi akafuna kanthu. Gizela anakokera bedilo pawindo loyang'ana kumunsi kuti mwamuna wake aziona munda wake.

Pa Khirisimasi kunabwera Damjan, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene amagwira ntchito ya magetsi ku Graz, mzinda wa kutsidya kwa malire a dziko. Anaona mayi ake akulimbana ndi kutembenuza bambo ake, dzanja lina litagwira msana, ndipo sanadikire kuti chakudya chithe.

“Amayi, tinene chilungamo. Bambo ndi olemera, inu msana ndi umenewo. Ku Sobota kuli nyumba yosamalira okalamba, anamwino usana ndi usiku. Munda tibwereketse kwa Geza, inu mubwere kwathu, chipinda chilipo.”

“Iwe Damjan, bambo ako ali pompano. Chafa ndi dzanja, makutu sanafe.”

“Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndikunenera pamaso pawo.”

“Zaka makumi anayi ndikumva mkonono wa munthu ameneyu. Lero ndikamutule kwa alendo ngati thumba la mbatata?”

Anakangana mpaka supu inazizira. Pamapeto Damjan, amene anatengera khosi louma la mayi ake, anatambasula dzanja pamwamba pa bedi.

“Chabwino. Chaka chimodzi. Mukasamala bambo, munda n'kubereka ngati kale, ine nditseka pakamwa mpaka kalekale. Zikakanika, mudzamvera ine, popanda kulira.”

Gizela anagwira dzanjalo mwamphamvu. Sanali ndi mantha. Anali asanalepherepo ntchito iliyonse imene anaigwira, ndipo mumtima ankati maungu si malaya a mabatani khumi ndi awiri: ubzala, upalira, ukolola.

Nyengo yozizira anaidutsa bwino. Ankasambitsa Kalman m'mawa, kumumeta, kumudyetsa buledi wonyika m'mafuta akuda a nthanga, n'kumusinthira mbali kuti asatuluke zilonda. Namwino woyendera m'midzi akabwera ankasowa cholakwika. Masana Gizela ankakhala m'kanyumba ka zipangizo akuwerenga makalendala akale amene Kalman ankalembapo tsiku lobzala, tsiku lopalira ndi tsiku lothira manyowa. Zonse zinalembedwa, kupatula chinthu chimodzi chimene Kalman ankaona kuti n'chodziwikiratu.

Pasaka itayandikira, Bambo Mfumu analengeza kuti mdipiti wodalitsa minda pa tsiku la Marko Woyera upita pamtanda wa a Kerec, kuti akapempherere wodwala pafupi ndi kwawo. Mitanda ya m'minda tili nayo inayi, ndipo banja limene mdipiti walunjika kwawo ndilo limakonza malo. Ndi ulemu waukulu, komanso ndi mayeso, poti anthu amaimba ndi pakamwa koma maso ali pa munda wako. Tsiku lomwelo masana kunafika Irma, mlongo wake wa Kalman, mayi woti lilime lake silidziwa tchuthi.

“Alamu, mwamva? Mudzi wonse ukubwera kudzagwada pathengo lanu lija. Bambo Mfumu adzakwinya mkanjo n'kumathawa njoka!”

“Ndilambula kanjira, monga ankachitira achimwene anu.”

“Kanjira! Achimwene anga ndimawakonda, koma ulesi wawo tisaubise. Pano ali gone, zonse zili m'manja mwanu. Damjan naye abwera, eti? Ndiye adzaone kuti mayi ake akukwanitsa poona minga?”

Mawu omalizawo ndi amene anabaya. Patapita masiku atatu, masana opanda mphepo, Gizela anatsikira kuchitunda ndi machesi. Anachita mwadongosolo, mmene bambo ake ankaotchera m'mbali mwa njanji: analambula mbali zonse, anandandalika ndowa za madzi, n'kuyatsa kuyambira kumtanda. Udzu wa zaka zambiri unapsa ngati mapepala. Mu utsimo anaona njuchi zina zikuluzikulu zaubweya, zakuda ndi mizere yachikasu, zikutuluka m'mauna a mbewa n'kumakwawa paphulusa, koma anangozikankha ndi nsapato kuti asaziponde. Akukwera kubwerera kunyumba anamva supuni ikulira pachitsulo ngati belu la moto. Anapeza Kalman atadzikokera kuwindo, nkhope itafiira, misozi ikutsikira m'khosi.

“Musaope, bambo, moto ndauzimitsa wonse. Palibe chimene chapsa koma udzu.”

“Aa! Aa!”

“Eya, ndamva. Mudzaone mmene pakongolere.”

Anamupukuta nkhope n'kumulanda supuni kuti asadzipweteke. Adokotala anali atanena kuti matendawa amabweretsa misozi yopanda chifukwa, choncho sanafunsenso zambiri. M'mawa mwake Geza anabwera ndi thirakitala, mwaulere, ati pothandiza odwala. Anagumula chitunda, anasalaza, anafesa kapinga, ndipo dzuwa lisanafike pamutu pamalopo panali ngati pabwalo la tchalitchi.

Mdipiti unayenda bwino koposa. Mtanda unapakidwa laimu, pansi pake panali maluwa a pakhomo pa Gizela, ndipo amayi ankatsinana n'kumati, “Taonani dzanja la mkazi!” Damjan anamukumbatira pamaso pa anthu.

“Amayi, ndakugomerani. Bambo zaka zonsezi anakanika, inu mlungu umodzi.”

Gizela anakondwa tsiku limenelo kuposa masiku onse chigwereni Kalman, ndipo ndani akanamuletsa?

Anabzala mu Meyi pa tsiku lenileni la pakalendala. Mbewu inamera yonse, mvula inagwa pa nthawi yake, maungu anayanga mpaka dothi linasowa. Kumapeto kwa Juni munda unali chiluwe chokhachokha, chikasu kuyambira kumtunda mpaka kumsewu, ndipo anthu odutsa ankaima kuti aone. Koma mlungu utatha Gizela anayamba kupeza timaungu tating'ono ngati mazira a nkhuku titasanduka tachikasu, titafewa, titathothoka tokha. Anati mwina ludzu, n'kutunga madzi. Anati mwina njala, n'kuwonjezera manyowa. Anawaza ngakhale madzi odalitsa amene anatsala pamdipiti. M'mawa uliwonse maluwa ankatsegula mazanamazana, ndipo pakatha masiku atatu ana ake ankagwa chimodzimodzi.

Amene anamutsegula maso anali Lajoš, mkulu woweta njuchi wa kutsidya kwa nkhalango, mnzake wa Kalman kuyambira kusukulu. Anabwera m'mawa wina ndi botolo la uchi kudzaona wodwala, ndipo Gizela anamupempha kuti akaone mundawo. Lajoš anaima pakati pa maungu, anavula chipewa, n'kutchera khutu.

“Amake Damjan, mukumva?”

“Sindikumva kanthu.”

“Vuto lake ndi limenelo. Munda uwu nthawi ino unkalira ngati chigayo.” Anatembenukira kumsewu, anaona kapinga wosalala uja, ndipo nkhope yake inagwa. “Chitunda chili kuti?”

“Ndinakonza, chifukwa cha mdipiti.”

“Munakonza liti?”

“Pakati pa Epulo.”

Lajoš anakhala pansi pamzere. Kenaka anafotokoza pang'onopang'ono, mopanda kukalipa, ndipo kusakalipako n'kumene kunapweteka kwambiri. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi, ndipo mungu wake ndi wolemera, womata, mphepo siingaunyamule. Pamafunika wonyamula. Njuchi zaubweya zija zimagona m'dothi nyengo yonse yozizira, ndipo mu Epulo mayi aliyense wa njuchizo amalowa m'una wakale wa mbewa, pansi pa udzu wouma, n'kuyamba banja lake yekha. Ukapha mayi mmodzi mu Epulo wapha antchito mazana a mu Julayi. Kwina konse Geza anasalaza kale. Chitunda cha Kalman ndicho chinali mudzi wawo wotsiriza mbali yonse ino.

“Aganyu aja,” anatero Gizela.

“Eya, aganyu aja. Sanakuuzeni?”

“Anandiuza. Chaka chilichonse ankandiuza.”

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma Gizela sanali woti sanafunse. Anafunsa zaka makumi anayi, anayankhidwa zaka makumi anayi, ndipo yankho analitaya chifukwa linkabwera likuseka. Anamva manyazi otentha mpaka m'makutu, pambuyo pake mantha.

“Zidzabwerera?”

“Mukasiya udzu umere, mbewa zikumbenso, mwina zaka ziwiri, mwina zitatu.”

“Ine ndili ndi chaka chimodzi, a Lajoš, ndipo chatha theka.”

Lajoš anachita zimene akanatha. Anabweretsa ming'oma iwiri ya njuchi zake za uchi n'kuiika m'mphepete mwa munda. Koma tsoka likalowa m'nyumba limatseka chitseko. Mlungu umenewo kunayamba kamvula kozizira ka m'mawa, ndipo njuchi za m'ming'oma zinkangosuzumira pakhomo. Duwa la dzungu limatsegula mbandakucha, ikamakwana teni lafota, ndipo silitsegulanso mawa. Dzuwa likatuluka njuchizo zinkanyamuka zonse, kudumpha munda, kulunjika kunkhalango kumene mitengo inali maluwa okhaokha.

“Anga awa ndi mabwana,” anatero Lajoš mokhumudwa. “Amayamba ntchito kukafunda, ndipo amasankha mbale. Zaubweya zija zimavala malaya a mphepo, kamvula aka sizikawerengera.”

Chimene chinatsala chinali manja. Lajoš anamuonetsa: uthyole duwa lalimuna, lija la phesi lowonda, uchotse chikasu chonse kuti patsale kamutu ka mungu, ndiye upake m'kati mwa duwa lalikazi, lija lokhala ndi kadzungu kumunsi. Upake mokwanira mbali zonse, apo ayi dzungu lidzakhala lopotoka, la nthanga zowerengeka. Gizela anaphunzira msanga, poti zala za wosoka siziiwala. Koma munda umene unkaoneka waung'ono pakati pa chimanga cha Geza unakula mwadzidzidzi pamene anayamba kuuyenda chogwada.

Ankatsika kusanayere bwino, nsapato za jombo zikudzaza mame, n'kuyamba kufunafuna maluwa aakazi pansi pa masamba oyabwa. Mzere umodzi unkamutengera pafupifupi ola. Ikakwana seveni ankathamangira kunyumba, chifukwa nthawi ya maluwa ndi yomweyonso ya wodwala: kumusintha, kumusambitsa, mankhwala, phala supuni imodziimodzi. Akamabwerera kumunda maluwa anali atayamba kupinda milomo. Ankaima pakati pa mizere imene sanaifike, akuona chikasu chonsecho chikutsekeka pamaso pake, osatha kuchiletsa, ndipo mawa kunkatsegula ena oti awataye chimodzimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye sakanatha kusiya ngakhale limodzi, poti pangano linkafuna onse awiri.

Tsiku lina masana, akumupaka mafuta m'mapazi, analankhula nkhope ili pansi.

“Bambo a Damjan, ndinaotcha njuchi zanu. Ndadziwa tsopano. Tsiku lija munkandiletsa, ine n'kukulandani supuni.”

Kalman anamugwira pamkono ndi dzanja lamanzere, anafinya, n'kunena “aa” wake uja. Gizela anayang'anitsitsa nkhope yopotokayo kufuna kudziwa ngati kunali kumukhululukira kapena kumukalipira, koma sanathe kusiyanitsa. Zimenezi zinamuwawa kuposa mawondo. Akanakonda kutukwanidwa, bola amve mawu.

Ndiye kunabwera m'mawa umene mitambo inachoka, ndipo maluwa aakazi anatsegula ambiri kuposa masiku onse. Seveni inakwana Gizela ali pakati pa mzere. Anati ndimalize uwu wokha. Atamaliza anaona wotsatira uli ndi maluwa ochuluka kuposa uja, n'kudziuza kuti Kalman anagona mochedwa, sanadzuke. Belu la tchalitchi la naini analimva, koma manja anapitiriza okha. Chimene chinamudzidzimutsa chinali kukuwa kwa Irma kuchokera pakhomo.

Anapeza Kalman ali pansi pakati pa bedi ndi khoma, zovala zitanyowa, thupi litazizira, pachipumi pali magazi. Kalman anafuna kufikira kapu ya madzi n'kutsetsereka, ndipo supuni inagwera pansi pa bedi pomwe sakanaifikira. Anagona pamenepo nthawi imene palibe akuidziwa. Amayi awiriwo anayesa kumunyamula koma anakanika, mpaka anaimbira Geza, amene anasiya thirakitala ikulira n'kudzamukweza ngati mwana.

“Ndiye mwasankha maungu, alamu?” anatero Irma, Geza atatuluka. “Achimwene anga afere pansi ngati galu chifukwa cha chiluwe?”

“Si inu munati ndikonze chitunda?”

“Ine ndinati mukonze, sindinati muphe! Ndinkadziwa bwanji ine za tizilombo?”

“Nanga ine ndinkadziwa bwanji?”

Anayang'anana, ndipo panalibe wopambana. Irma anatuluka panja kukaimbira Damjan foni. Gizela anamva zonse kudzera pawindo akutsuka bala la mwamuna wake, koma sanamuletse, poti chimene chinkanenedwa chinali choona.

Damjan sanakalipe. Anangoti, “Amayi, tinagwirizana mpaka kukolola, ndipo ine sindiphwanya pangano. Koma lonjezani kuti bambo simuwasiyanso okha kupitirira ola.” Gizela analonjeza, ndipo anasunga lonjezo. Ola limodzi, mzere umodzi. Irma anabwera m'mawa kangapo kudzakhala ndi wodwala, osalankhula zambiri, koma naye anali ndi ng'ombe zoti akame. Lajoš anayesa kugwada masiku awiri, lachitatu anakanika kudzuka pabedi. Mu Ogasiti nkhungu yoyera inagwira masamba, maluwa anachepa, kenaka anatha. Gizela anasiya kumweta kapinga wa kumsewu uja, ndipo kapingayo anatalika mpaka m'mawondo, wobiriwira, wopanda una ngakhale umodzi.

Kwathu kuno kuswa maungu ndi ntchito ya amayi a mudzi wonse. Amuna amakunkhuniza maungu m'mizere, amayi amakhala pa timipando ndi zikho pamiyendo, amaswa, amakokolola nthanga ndi zala, nkhani za mudzi zikuyenda. Kwa a Kerec ntchitoyi inkatenga masiku atatu, ndipo mwini munda amadyetsa anthu masiku onsewo. Gizela anaphika za masiku atatu. Ankadziwa bwino zimene zili m'munda, koma kuphika zochepa kunali ngati kuvomera asanaweruzidwe. Anawotcha nkhuku zinayi, anaphika mphika waukulu wa nyemba ndi mbatata, n'kudzaza thebulo ndi makeke a mtedza.

Amayi anabwera khumi ndi mmodzi, Loweruka loyamba la Okutobala, ndipo Damjan ndiye ankakunkhuniza. Maungu a m'mizere imene Gizela anagwadamo anali aakulu, odzaza nthanga zonenepa, moti mayi wina anati, “Awa ndiye a Kalman enieni.” Koma anali ochepa. Kwina konse kunali apa limodzi, apo limodzi, opotoka, ena ukawaswa n'kupezamo nthanga zosakwana dzanja. Nthabwala zinayamba bwino, kenaka zinazilala. Belu la masana lisanalire, dzungu lotsiriza linali litaswedwa, ndipo amayi anakhala ndi manja pamiyendo, osadziwa koyang'ana.

“Tiyeni tikadye,” anatero Gizela. “Chakudya chilipo chambiri.”

Anadya mwakachetechete ngati pamaliro, ndipo pochoka aliyense anapatsidwa kaphukusi kuti zotsala zisawonongeke. Nthanga zonse za chaka chimenecho zinakwana m'mabeseni awiri ochapira. Damjan anawanyamula yekha ulendo umodzi kupita nawo pampopi. Sananene kuti ndinakuuzani. Anatsuka nthanga, anaziyanika, n'kubwera kudzakhala pafupi ndi mayi ake pabenchi la pakhomo.

“Amayi.”

“Ndikudziwa. Ndinagwira dzanja lako, sindinaiwale.”

“Si chilango, amayi.”

“Ndikanakhala ndi zaka ziwiri zokha, Damjan. A Lajoš akuti zimabwerera.”

“Ndipo bambo agwe kangati m'zaka ziwirizo?”

Gizela anavomera. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti Geza asalime mbali ya kumsewu. Geza anamvetsera mwaulemu, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti ayesetsa, koma makina ake ndi aakulu ndipo potembenukira pake ndi pomwepo.

Malo ku Sobota anapezeka pakati pa Novembala. Galimoto ya odwala inabwera Lolemba m'mawa, ndipo Gizela ndi Damjan anaitsatira pambuyo, masutikesi a Gizela ali kale kumbuyo, poti Damjan sakanatha kupempha tchuthi kawiri. Chipinda chinali choyera, chofunda, cha mabedi awiri, ndipo pabedi linalo panali mkulu wina wosadziwika amene ankaonera wailesi ya kanema mokweza. Gizela anayamba kufotokozera namwino kuti Kalman sagonera mbali ya kumanja nthawi yaitali, kuti phala amalifuna lolimba, kuti akatseka diso limodzi ndiye kuti akumva kuzizira. Namwino, mtsikana wa nkhope yabwino, anamvetsera pang'ono n'kumugwira paphewa.

“Musadandaule, mayi, tizolowerana nawo.”

Potsanzika Kalman sanalire. Anangomuyang'ana, n'kupitiriza kumuyang'ana mpaka chitseko chinatsekeka.

Galimoto ya Damjan inawoloka malire. Ngakhale pamene Kalman anali m'chipatala milungu isanu ija, Gizela sanadumphe tsiku osamuona.

“Damjan, tibwera liti?”

“Lamulungu, amayi.” Anayendetsa pang'ono, kenaka anakanda m'mutu. “Aa, iyayi, Lamulungu lino ana ali ndi mpira, ndinalonjeza. Linalo. Linalo tibwera ndithu.”

Gizela anawerenga masiku ndi zala pansi pa chikhoto chake, anapeza khumi ndi atatu, n'kuwerenganso kuti mwina walakwitsa. Galimoto sinali yake, ndipo mabasi a ku Graz sankawadziwa pokwerera.